Chipsera

Mawuwa akuchokera ku "kupsa", ngakhale lero chikwanje chikakutema m'munda wa tiyi ku Mulanje, chotsala pakhungu timachitchabe chipsera. Komatu chilipo china chosaoneka ndi maso.

Odwala impso a ku Mulanje amatumizidwa kuchipatala cha Queens, ku Blantyre, komwe makina amatsuka magazi. Njira ina n'kuthira madzi a shuga m'mimba kudzera m'kapaipi, ndipo nembanemba yokuta matumbo, ija timaiona potumbula mbuzi, ndiyo imasefa zoipa. Pakapita zaka, shugayo ndi tizilombo tolowera pakapaipi zimaitupitsa. Imakhuthala, n'kusanduka chipsera chomwe nthawi zina chimamanga matumbo, kusefa n'kuthera pomwepo.

Inu osamalira wodwala wotere, madzi otuluka m'mimba akachita mbuu, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.