Kulimbitsa mitsempha pa masewero a karate ndi nkhonya

Mphamvu ya theche la karate kapena chibakera cha wankhonya siichokera m'minofu mokha. Ina imachokera m'mitsempha yolumikiza mnofu ndi fupa, yomwe ndi yosiyana ndi mitsempha ya magazi. Mitsempha imeneyi imagwira ntchito ngati mphira wa legeni: ikatamuka imasunga mphamvu, kenaka n'kuibweza mwaliwiro. Waukulu mwa yonse ndi wa kuseri kwa chidendene.

Luso loilimbitsa ndi lakale. Ku China kuli buku la Yijin Jing, lotchuka pakati pa akatswiri a kung fu a ku Shaolin, lomwe limaphunzitsa kukoka ndi kuumitsa thupi mwapang'onopang'ono. M'zaka za m'ma 1960, Yuri Verkhoshansky wa ku Soviet Union adayambitsa njira yodumpha kuchokera pamalo okwera n'kunjanjanso msangamsanga phazi likangogunda pansi.

Chovuta n'chakuti mitsempha imalandira magazi ochepa, choncho imachedwa kukhwima. Mnofu umaonetsa kusintha m'masabata ochepa, pomwe mtsempha umafuna pafupifupi miyezi itatu. Wothamangira kuchulukitsa zodumphadumpha amathera pa ululu wa bondo kapena chidendene. Chiyambi chabwino ndicho kunyang'ama n'kutsika pang'onopang'ono, njira yomwe dotolo wa ku Sweden, Håkan Alfredson, adaitchukitsa mu 1998 pothandiza odwala chidendene kwa masabata 12.

Achinyamata a ku Mangochi ali ndi mwayi wa mchenga. Mchenga wofewa wa ku Nkopola kapena Cape Maclear umachepetsa kugunda kwa mawondo ndipo umalimbitsa akakolo, koma umameza mphamvu yonjanja. Kudumpha chingwe kumayenera pa nthaka yolimbirapo, m'mamawa dzuwa la mu Okutobala ndi Novembala lisanayambe kuswa mtengo.

Zakudya nazo zili pakhomo. Usipa, utaka ndi chambo zimamanga thupi, pomwe malambe, mango ndi mandimu zili ndi vitamini C yemwe amafunika pomanga mitsempha.

Mankhwala a ciprofloxacin amatha kufooketsa mitsempha, kotero wowamwa afunse adotolo asanachite masewero olemetsa. Mtsempha wa chidendene ukaduka, kawirikawiri pamamveka kulira kwa phaa, munthu amamva ngati wamenyedwa theche kumbuyo kwa mwendo, ndipo amalephera kunyang'ama. Wotere asatsimbe mwendo kapena kuuthowa kunyumba, koma athamangire naye ku chipatala chachikulu cha Mangochi kapena cha Monkey Bay, chifukwa kuchedwa kumatha kusiya chilema.