Cimanga ndi Ndalama za Kafukufuku m'Malawi

Dziko laling'ono silingathe kufufuza zinthu zonse nthawi imodzi. Ndalama za msonkho n'zocepa, akatswiri ngowerengeka, ndipo Boma likasankha nchito imodzi, pomwepo lasiya inzace. Tsono mlandu ugona pa awa: wosankhayo ndani, ndipo asanasankhe anafunsa yani? Mbiri ya cimanga m'Malawi ionetsa bwino umo mlandu umenewu unayendera.

M'masiku a Nyasaland maso a Boma anali pa mbeu zogulitsa kunja, pakuti ndizo zinkadzetsa msonkho ndi kudzaza ngolo za njanji. Bungwe la Empire Cotton Growing Corporation linatsegula munda woyesera thonje ku Makwapala, ndi wina pambuyo pace ku Domira Bay. Eni minda ya tii ku Mulanje ndi ku Thyolo anali ndi mau pamaso pa Bwanamkubwa, nasonkhanso ndalama zao kuti mbeu yao ifufuzidwe. M'caka ca 1940 anatsegula Bvumbwe cifukwa ca tung, mtengo umene mafuta ace apangira utoto. Tung anadya cuma cambiri, ndipo mzinda wa Mzuzu unaphuka pa munda wace. Koma malonda ace atagwa, iye anaiwalika. Nthawi yonseyo cimanga, cakudya ca munthu ali yense, cinalibe wocinenera.

Njala ya 1949 ndiyo inadzutsa akuru. Mbvula inadula pakati pa dzinja, ndipo anthu ambiri anafa, makamaka m'midzi ya ku Blantyre. Munda wa Boma wa Chitedze, kumadzulo kwa Lilongwe, unali utangotsegulidwa mu 1948, ndipo mu 1954 katswiri wina, R. T. Ellis, anayamba kukwatitsa mitundu ya cimanga kumeneko. Munthu ameneyu anacita cinthu cimene anzace ambiri sanacite: anayang'ana mu mtondo.

Cimanga ciri ca mitundu iwiri. Ca makolo ciri ndi maso olimba, osalala. Cina, cimene alimi acizungu a ku Rhodesia anacikonda, n'cofewa, ndipo cikauma diso lace licita kadzenje pamwamba. Kwa mwini cigayo cacikuru kusiyanaku n'kwacabe. Kwa mai wa kumudzi ndi nkhani ya moyo. Iye akonola cimanga mu mtondo, napeta m'licero kucotsa gaga, nabviika mphale m'madzi masiku angapo, nayanika, kenaka nasinja ufa woyera. Cimanga colimba cipirira munsi, mphale nituruka yathunthu. Cofewa cingophwanyika, ndipo ufa wambiri upita pamodzi ndi gaga. M'nkhokwe namonso anankafumbwe ayamba ndi cofewaco. Potero munda ungathe kupambana pa sikelo ya mlangizi, koma nulephera pa mbale ya nsima mwezi wa February. Ellis anazindikira zimenezi, ndipo pofika ca m'ma 1960 panali haibridi wochedwa LH11, wa maso olimbirapo.

Nchitoyi sinakhalitse. Dziko litalandira ufulu mu 1964 akatswiri ena anacoka, mipando yao nikhala yopanda anthu, ndipo mu 1967 kupanga haibridi kunaimitsidwa. Akuru anati, kubvutikiranji, pamene ku Rhodesia kuli SR52, mbeu yochuka imene inaturuka mu 1960? Ndithu SR52 anali kubala modabwitsa, koma anali wofewa. Nchito ya haibridi itayambanso mu 1977 inatsata njira yomweyo, niturutsa mbeu zofewa monga MH12 ndi MH16. Maganizo anali akuti mlimi agulitse cimangaco ku ADMARC, cikadyetse anthu a m'tauni. Zaka zimenezo mtima wa Boma unali pa fodya wa m'maesiteti, ndipo eni maesiteti, amene mau ao anali kumveka, analibe cifukwa copempha cimanga ca mu mtondo.

Alimi anayankha ndi makasu ao. Amene anali ndi malo okwanira analima haibridi pang'ono kuti agulitse, koma ca makolo ndico cinalowa m'nkhokwe. Kufikira pakati pa zaka za m'ma 1980, haibridi sanafike ngakhale pa gawo limodzi la magawo 10 a minda ya cimanga ya alimi ang'onoang'ono. Ena a m'maofesi anati anthu akumudzi ngouma mitu, osafuna zatsopano. Kunena kumeneku kunali kopepuka, pakuti anthuwo anali atawerenga bwino phindu ndi citayiko cao, kuposa amene anali kuwadzudzula.

Kusintha kunadza ndi usiwa wa cakudya. Ca m'ma 1987 tizirombo tinaononga cinangwa m'mbali mwa nyanja, othawa nkhondo ya ku Mozambique anali kulowa miyandamiyanda, ndipo dziko limene linkagulitsa cimanga kunja linayamba kuitanitsa. Caka comweco Unduna wa za Malimidwe unabvomera kuti haibridi wolimba ayambe kufunidwa. Akatswiri a Cimalawi a ku Chitedze, B. T. Zambezi, W. G. Nhlane ndi E. M. Sibale, mothandizana ndi bungwe la CIMMYT la ku Mexico, anakwatitsa haibridi wofewa amene analipo kale ndi cimanga colimba cocokera ku bungwelo. Inali njira yacidule, yoyenera anthu ocepa a ndalama zocepa, ndipo mu 1990, patangopita zaka 3, MH17 ndi MH18 anaturuka.

Amai ataziyesa mu mtondo anapeza kuti zikonoleka pafupifupi ngati ca makolo, ndipo MH18, pokhala wocha msanga, anafala m'midzi mofulumira. Koma cirala ca 1992 cinapsereza minda, alimi ambiri analephera kubweza ngongole, ndipo pofika 1994 makalabu a ngongole anali atagwa. Mbeu yoyenera inalipo tsopano, koma feteleza woidyetsa anakwera mtengo, ndipo akatswiri ocepa omwewo anapatsidwa funso lina, la nthaka yoguga.