Mtolo woiwalika m'munda

Adzukulu anga, inu mwabadwira kuno ku Philippi kumene ufa umachokera m'sitolo, ndiye khalani pansi mumve za zokolola.

Ahebri akale anali ndi liwu lakuti omeri. Tsinde lake ndi kusonkhanitsa mbewu zomweta n'kuzimanga pamodzi, monga timaimikira mikukwe chimanga chikauma. Barele akacha, nyengo ya Paska, munthu sankalawa ngakhale njere imodzi mtolo woyamba, wotchedwa omeri, usanafike kwa wansembe, amene ankauweyula pamaso pa Mulungu. Lamuloli lili mu Levitiko 23. Kuyambira tsikulo ankawerenga masabata 7, ndipo tsiku la 50 kunali chikondwerero cha tirigu, chimene m'Chigiriki chinatchedwa Pentekoste. Ayuda a muno mu Cape Town, amene mpingo wawo unayamba mu 1841, amawerengabe masiku amenewa usiku ndi usiku.

Kwa ife izi si zachilendo. Kwa Angoni a ku Chipata, Inkosi Mpezeni imayamba yalawa zakumunda pa Ncwala ku Mtenguleni, kenako anthu n'kumadya.

Omeri unalinso muyeso, gawo limodzi mwa magawo 10 a efa. Ahebri ali m'chipululu muja, munthu aliyense ankatola mana okwana omeri mmodzi pa tsiku. Waumbombo wobisa za mawa ankadzuka n'kupeza mphutsi.

Koma chimene chimandikhudza mtima chili mu Deuteronomo 24. Mwini munda akaiwala mtolo pokolola, sankaloledwa kuubwerera. Unali wa mlendo, mwana wamasiye ndi mkazi wamasiye. Rute, mkazi wa ku Moabu, anafika ku Betelehemu manja ali m'khosi, wopanda munda, wopanda mwamuna, ndipo iye ndi apongozi ake Naomi anapulumukira zotsala za m'munda mwa Boazi. Kwathu ku Malawi kutola zotsala m'munda timati kukunkha. Eni munda akamaliza kukolola, agogo ndi ana ankalowamo ndi madengu kufuna zitsononkho zotsalira ndi mtedza wothawa khasu, ndipo palibe ankawatcha akuba.

Minda mukuionayi anaiswa ndi Ajeremani amene anafika pa mchenga uno m'ma 1870 ndi 1880. Lero ambiri okolola ndife obwera: Amalawi, anzathu a ku Zimbabwe, ena a ku Eastern Cape. Kabichi amakwera lole kupita kumsika wa ku Epping, ndipo amene wamudula m'mawa kukuzizira amakamugula madzulo pa spaza ndi ndalama ya ganyu yomweyo.