Kuchera Msampha Akuba a pa Imelo

Pali anthu ena amene akalandira kalata yabodza ya pa imelo saifufuta. Amaiyankha ngati akhulupirira zonse, kenaka amamuzunguza wakubayo mpaka atatopa, nthawi zina mpaka kumucititsa manyazi pamaso pa dziko. Pa Cingelezi masewera amenewa amawachula kuti scambaiting, kutanthauza kumuikira wakuba nyambo monga m'mene msodzi amacitira ndi mbedza.

Bodza lake limayenda bwanji?

Imelo ndi kalata imene imayenda pa intaneti n'kufika pa foni kapena pa kompyuta. Wakuba amatumiza kalata imodzimodzi kwa anthu zikwizikwi. Amati ndi mwana wa mfumu, mkazi wamasiye wa nduna, kapena wanchito wa ku banki. Akuti ali ndi madola mamiliyoni ambiri amene atsekeredwa, ndiye mukamuthandiza kuwatulutsa akugawirani. Koma poyamba mutumize kandalama kocepa kolipirira mapepala.

Mukatumiza, pabuka vuto lina. Loya akufuna zake, a msonkho nawonso akufuna zawo. Inu kumangotumiza, mamiliyoni aja osaoneka, cifukwa kulibe n'komwe. Paja akuluakulu anati cakomacakoma pusi anagwa cagada.

Kuba kotereku kumadziwika ndi dzina loti 419. Nambalayi ndi ya gawo la malamulo a ku Nigeria limene limaletsa kutenga katundu wa munthu mwacinyengo. Makalata ambiri otere ankacokera kumeneko m'zaka za m'ma 1990, koma akuba ake ali m'maiko ambiri, ndipo boma la Nigeria lili ndi bungwe la EFCC limene limawasaka ndi kuwamanga.

Anthu ochera msampha

Mu 2003, Michael Berry wa ku Britain anatsegula tsamba la pa intaneti lochedwa 419 Eater. Pamenepo anthu amasonkhana, kuphunzitsana njira ndi kuonetsana makalata amene alemberana ndi akuba. Maganizo awo ndi osavuta kumva. Wakuba ali ndi maola owerengeka pa tsiku. Ola lililonse limene akutaya polemberana ndi munthu amene sadzamupatsa kanthu, ndi ola limene sakubera gogo wa munthu.

Wochera msampha sagwiritsa nchito dzina lake lenileni. Amatsegula imelo ina, n'kudzipanga munthu wolemera koma wopusa. Wakuba akaona conco mtima umakhala dyokodyoko, basi n'kuyamba kucita ciliconse cimene wauzidwa.

Mu 2004, BBC inafalitsa nkhani ya wakuba amene ankadzicha mwana wa mfumu. Munthu amene anamuyankha anati ndi wansembe, ndipo chalichi cake cili ndi ndalama zambiri, koma cimangothandiza mamembala ake okha. Kuti alowe chalichico, wakubayo anayenera kudzipaka utoto wofiira pacifuwa n'kutumiza cithunzi. Anacitadi. Pamwamba pa apo anatumiza madola 80 olipirira kuti ndalama za chalichi zituluke. Amene anabwera kudzakolola ndiye anakololedwa.

Ena anauzidwa kujambulitsa atasenza nsomba kapena buledi pamutu. Wina anasema kompyuta ya mtengo, wina anakopera ndi dzanja buku lonse la Harry Potter, poganiza kuti alipidwa. Palinso njira imene amaicha safari: kumuuza wakuba kuti ndalama zikumudikira ku tauni yakutali, iye n'kuwononga ndalama zake za ulendo, kukafika n'kupeza kulibe munthu.

Masiku ano nkhondoyi yafikanso kwa akuba oimba foni. Munthu wa ku America wodziwika ndi dzina loti Kitboga amasintha mawu ake kuti amveke ngati agogo aakazi, n'kuwacedwetsa akuba maola ambiri anthu akuonerera pa intaneti. Wina wochedwa Jim Browning anakwanitsa kuona kudzera m'makamera a ofesi ya akuba pafupi ndi Delhi ku India. BBC itaonetsa zithunzizo mu 2020, apolisi anakamanga mwini ofesiyo.

Kodi n'cilungamo?

Apa anthu sagwirizana. Ena amati palibe colakwa, cifukwa wakuba anabwera yekha. Amanenanso kuti ochera msampha amathandiza kutseketsa masamba a mabanki abodza, amapereka manambala a maakaunti a akuba kwa oyenera, ndipo amene amawerenga nkhanizi amaphunzira kuzindikira bodza.

Koma ena amafunsa kuti, kodi colinga ndi kuteteza anthu kapena kuseka basi? Mu 2008, pulogalamu ya wailesi ya ku America yochedwa This American Life inasimba za ochera msampha amene anacititsa munthu kucoka ku Lagos mpaka ku Abéché m'dziko la Chad, kufupi ndi dera la nkhondo la Darfur. Anakhala kumeneko masabata ambiri akuvutika, iwo akuseka. Munthuyo anali wakuba ndithu, koma akanafera komweko, mlandu ukanakhala wa yani?

Palinso nkhani ya zithunzi. Zambiri zimaonetsa anthu akuda a ku Africa atavula malaya, atanyamula zikwangwani zowanyoza, oseka ake ali ku Ulaya ndi ku America. Amene akuona amayamba kuganiza kuti munthu aliyense wa ku Nigeria ndi wakuba, zimene si zoona. Komanso amene ali pa cithunzi nthawi zina si mwini bodzalo, koma mnyamata wosauka amene anangopatsidwa kandalama kuti aime pa kamera. Ndipo manyazi a wakuba sabweza ndalama za munthu amene anaberedwa.

Nanga ife ticite ciani?

Kuno ku Mozambique bodza lotere limabwera kwambiri pa uthenga wa pa foni. Pa Cipwitikizi amati burla. Uthenga umati "ndalama ija utumize pa nambala iyi", kapena akuti mwapambana mphoto, kapena m'bale wanu ali m'cipatala. Colinga n'coti mutumize ndalama pa M-Pesa, e-Mola kapena mKesh musanaganize bwino.

Mwina mungafune kumuseweretsa wakubayo ngati acitira anthu aja. Osayesa ndi nambala yanu. Iwo amabisa dzina, nkhope ndi kumene amakhala, pamene inu mukayankha, wakuba amadziwa kuti nambalayo ili ndi mwini wake, ndipo angaipereke kwa anzake kapena kuyamba kukuopsezani.

Cofunika ndi ici: musayankhe, musatumize ndalama, ndipo musauze munthu aliyense PIN yanu, ngakhale anene kuti ndi wa ku banki kapena wa kampani ya foni. Akachula dzina la m'bale wanu, muimbireni m'baleyo pa nambala imene mumaidziwa kale. Sungani uthengawo kuti mukauonetse kwa apolisi ndi ku kampani ya foni. Pomaliza, uzani a m'nyumba mwanu ndi anansi, makamaka okalamba ndi amene angoyamba kumene kugwiritsa nchito foni. Mphoto yeniyeni safuna kuti muilipirire kaye.