Za Kugonjetsedwa kwa Nthenda ya Nthomba

Abale, pakukumbukira zaka zapitazo, tiyenera kukumbukiranso nthenda ya nthomba, imene makolo athu anaiopa koposa. Pakuti mwa anthu 10 ogwidwa ndi nthomba yaikulu, atatu amafa. Ndipo opulumuka amatsala ndi zipsera kumaso, ena nakhala akhungu.

M'chaka cha 1796 sing'anga wa ku England, dzina lake Edward Jenner, anaonetsa kuti munthu wotemeredwa ndi kanthomba ka ng'ombe sagwidwa ndi nthomba ya anthu. Koma ngakhale katemera anapezeka, nthendayo inakhalabe zaka zambiri, chifukwa mankhwalawo amaonongeka ndi kutentha, ndiponso maboma sanadziwe midzi yonse imene munali odwala. Pofika 1967, pamene bungwe la World Health Organization linalimbitsa nkhondoyo motsogozedwa ndi Dr. D. A. Henderson, nthomba inali ikadali yokhazikika m'maiko 31.

Nzeru imene inathandiza kwambiri inayesedwa kum'mawa kwa Nigeria kumapeto kwa 1966. Kumeneko Dr. William Foege, sing'anga wa mishoni, anapeza kuti katemera ngwosakwanira anthu onse. Tsono anapempha amishoni anzake pa wailesi kuti atume amithenga m'midzi kukafunsa kumene kuli odwala. Ndipo atadziwa, anatemera a m'nyumba zawo, anansi awo, ndi a kumisika kumene amapitako. Monga munthu alambula udzu pozinga nkhokwe kuti moto wolusa usafikepo, momwemo nthendayo inasowa poloŵera, nizilala.

Pamenepo maboma anatsata njira yomweyo: kufunafuna odwala, kuwalemba m'buku, kuwapatula, ndi kutemera onse owazinga. Anathandizidwa ndi katemera wouma wosaopa kutentha, ndi singano ya nsonga ziwiri yosataya mankhwala. Munthu wotsiriza kutenga nthomba yoyenda m'midzi anali wa ku Merca m'dziko la Somalia, mu October 1977, ndipo anachira. Pa 8 May 1980 msonkhano wa maiko unalengeza kuti nthomba yatha pa dziko lonse lapansi.

Kuno kwathu ku Malawi boma linalemba anthu otemera nthomba, oyenda mudzi ndi mudzi; ndipo pamene kolera inafika mu 1973, linalembanso ena olimbana nayo. Ntchito imeneyo ndiyo chiyambi cha alangizi a zaumoyo a m'midzi. Chipsera chimene tichiona pamkono pa akulu athu ambiri ndicho mboni ya masiku aja.

Chifukwa chake, inu aphunzitsi ndi akulu a mpingo, musaiwale ichi: boma silikhoza kuletsa nthenda imene silinaimve. Mudzi wobisa wodwala uika ana ake pangozi, ndi ana a midzi yoyandikana nawo. Mukaona nthenda yachilendo, fulumirani kuuza a chipatala. Ndipo otemera akadza, tsogolerani ndinu kutengera ana kumeneko, pakuti anthu amakhulupirira chimene aona atsogoleri awo akuchita.