Kukompaila: si kukopa pa fulashi

Ena akamva achinyamata akunena kuti "ndakompaila", amaganiza kuti akopa fayilo n'kuika pa fulashi. Ayi ndithu. Mawuwa tinabwereka ku Chingerezi, compile, ndipo gwero lake ndi Chilatini, compilare. Tanthauzo lake ndi kusonkhanitsa pamodzi. Pa kompyuta, kukompaila ndi kusandutsa malangizo amene munthu walemba kuti akhale m'chinenero chimene makina amamva. Grace Hopper wa ku America ndi mmodzi wa amene anayambitsa zimenezi, cha mu 1952.

Tinene kuti mlembi wa kalabu ya alimi ku Sasare walemba kapulogalamu m'chinenero cha Python kowerengera matumba a chimanga. Pa laputopu yake kakuyenda bwinobwino. Mnzake wa ku Nyimba alibe Python, choncho mlembiyo akumanga zonse m'fayilo imodzi ya .exe ndi PyInstaller. Kwenikweni PyInstaller imangolongedza Python pamodzi ndi malangizowo, ngati kamba wa paulendo, koma anthu amatchulabe kuti kukompaila.

Mavuto amayambira pomwepa. Mnzake akadina, windo likungophethira n'kutsekeka. Asataye mtima! Atsegule fayiloyo kudzera mu Command Prompt, uthenga wa cholakwika uoneka. Kawirikawiri pali chimene chinatsala polongedza, mwina chithunzi kapena fayilo ya mayina a alimi, ndipo --add-data ya mu PyInstaller imachilowetsa. Nthawi zina Windows Defender imayesa fayilo ya .exe ija vairasi. Komanso yolongedzedwa pa Windows siingatseguke pa Mac. Muyenera kuilongedzanso pa Mac pomwepo.