Mfuti za alenje za bolt-action: kapangidwe kake ndi kusiyana kwake

Mfuti zambiri zimene alenje ovomerezeka amasakira njati ndi njovu ndi za mtundu wotchedwa bolt-action m'Chingerezi, kapena espingarda de ferrolho m'Chipwitikizi. Dzinali likuchokera ku chitsulo chonga mpiringidzo wa chitseko chimene chimakhala kumbuyo kwa mpope wa mfuti. Mlenje akawomba, amakweza chogwirira cha chitsulocho n'kuchikokera m'mbuyo kuti chigoba chotha ntchito chitayike. Kenako amachikankhira kutsogolo kuti chitole chipolopolo china, n'kutseka. Imachedwerapo poyerekeza ndi mfuti zodzilowetsera zokha zipolopolo, koma ili ndi zitsulo zochepa ndipo imapirira fumbi ndi matope.

Kholo la mfuti zambiri zotere ndi Mauser 98, imene Paul Mauser anapanga ku Germany m'chaka cha 1898. Asilikali a Chipwitikizi anali ndi yawo, Mauser-Vergueiro ya 1904, imene inagwiritsidwa ntchito ku Mozambique pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse.

Alenje amatsutsana kwambiri pa kagwiridwe ka chipolopolo. Mauser ili ndi chikhadabo chachikulu chimene chimagwira chipolopolo chikangotuluka m'nkhokwe yake, osachisiya mpaka chitalowa mu mpope. Ngakhale mfuti ipendekeke, kapena mlenje akoke mwaphuma chifukwa cha mantha, chipolopolo sichigwa, ndipo n'kovuta kuti ziwiri zipanikizane pakhomo. Njati yovulala ikamabwera, zimenezi n'zimene zimapulumutsa moyo. Vuto lake ndi mtengo, chifukwa kusula zitsulo zotere kumadya nthawi. Mtundu wina, monga Remington 700 ya 1962, umangokankha chipolopolo, ndipo kachikhadabo kake kamagwira pokhapokha mpiringidzo ukatsekedwa. Ndi wotsika mtengo ndipo umalunjika bwino, kotero pa mphalapala kapena nguluwe umakwanira. Kampani ya Winchester itachotsa chikhadabo chachikulu pa Model 70 m'chaka cha 1964 pofuna kuchepetsa ndalama, alenje anadandaula kwambiri, ndipo patapita zaka inachibwezeretsa.

Mano otsekera nawonso amasiyana. Mpiringidzo wa mano awiri umafuna kukweza chogwirira madigiri 90, pamene wa mano atatu umangofuna 60. Wa mano atatuwo umasiya mpata pakati pa dzanja ndi galasi loyang'anira, koma umalimbirapo pokweza.

Pa kulemera palibe mfuti yokomera mbali zonse. Yopepuka ndi yabwino kwa munthu woyenda tsiku lonse m'dzuwa la ku Mágoè kapena Zumbo, koma ikalira imamenya phewa mwamphamvu, ndipo wowomba akayamba kuiopa amaphonya. Yolemera imachepetsa kumenyako koma imatopetsa. Mpope wautali umapatsa chipolopolo liwiro, waufupi umatembenuka msanga m'zitsamba zowirira. Thendere la mtengo limakongola, koma nthawi ya dzinja limamwa chinyezi n'kufufuma, ndipo nthawi zina mfuti imasiya kulunjika pamene inkalunjika kale. La pulasitiki silisintha ndi mvula.

Pa nyama zoopsa, chipolopolo chodziwika kwambiri ndi .375 H&H Magnum, chimene kampani ya Holland & Holland ya ku London inatulutsa m'chaka cha 1912. China ndi 9.3x62 cha Otto Bock wa ku Berlin, cha 1905, chimene anapangira Ajeremani okhala mu Africa. Chipolopolo chikakula, nkhokwe imalowa zochepa, kawirikawiri zitatu mpaka zisanu. Mfuti yaing'ono pa nyama yaikulu imangovulaza, ndipo njovu kapena mvuu yovulala ndiyo imaopsa kwambiri anthu a m'midzi yoyandikana nayo.

Ku Mozambique kusunga mfuti kumafuna chilolezo cha apolisi, ndipo kusaka kumafunanso chilolezo chake pansi pa malamulo amene bungwe la ANAC limayang'anira. Nyama zikamaononga minda, mlimi amakanena kwa mfumu kapena ku ofesi ya boma ya m'dera lake kuti atumize alonda a zinyama.